Kusamalira Maiwe Osambiramo

Kusamalira maiwe osambiramo: bizinesi yoyeretsa madzi a m'maiwe omangidwa ndi simenti kapena matailosi, kuti anthu azisambiramo osatenga matenda.

Ku Lilongwe, makasitomala ake ndi mahotela, malo ogona alendo, sukulu zina zolipira ndi nyumba za ku Area 10 ndi Area 43. Ku Mitundu ndi ku Nathenje, komwe ambiri amatunga madzi pamjigo, msika wake ndi wochepa. Amalawi ena amagwira ntchitoyi ku Johannesburg, pamodzi ndi yosamalira maluwa ndi kapinga.

Zipangizo zake ndi pampu, sefa ya mchenga, ukonde wochotsera masamba, burashi ndi choyezera madzi. Klorini, yemwe ambiri amamudziwa ndi dzina la HTH, amafunika mamiligalamu 1 mpaka 3 pa lita, ndipo pH (mlingo wa asidi m'madzi) imafunika kukhala pakati pa 7.2 ndi 7.8.

Ntchito imachuluka mu Okutobala ndi Novembala. Dzuwa limatha mphamvu ya klorini msanga, ndipo magetsi akazima pampu n'kuima, ndere zimabiriwitsa madzi m'masiku ochepa.

Klorini yemweyu ndi amene alangizi a zaumoyo ankagawa m'midzi pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023.