Mainjini Awiri Pamwamba pa Nyanja

Mchemwali wanga atapeza mwayi wa sukulu ku America, mayi sanafunse za chakudya kapena za kuzizira. Anafunsa kuti, "Kodi ndegeyo ili ndi mainjini angati?" Titayang'ana pa foni n'kuwauza kuti awiri, anayamba akhala chete. Kenako anati, "Nanga imodzi ikathima pakati pa nyanja, akaima pati?" Tinaseka, koma kunena zoona funso la mayi silinali lachimidzi. Ndi lomwelo limene linazunguza mitu maboma ndi opanga ndege kwa zaka zoposa 30.

Tiyambire m'zaka za m'ma 1950. Ndege za nthawi imeneyo zinkayendera mainjini a mapisitoni ozunguza mapulopela, ndipo kufa kwa injini m'mwamba sichinali chinthu chachilendo. Mu 1953 boma la America linakhazikitsa lamulo loti ndege ya mainjini awiri kapena atatu isatalikire bwalo lotha kuterapo kupitirira mphindi 60, powerengera liwiro limene ingauluke injini imodzi itafa. Tengani mapu, muzungulize mzere wa ola limodzi pa bwalo lililonse. Pamtunda mizereyo imakumana bwinobwino. Pa nyanja za Atlantic ndi Pacific pamatsala mipata ikuluikulu, ndipo mipatayo inasiyidwira ndege za mainjini anayi.

Mantha amenewa anali ndi pogwira. Pa 16 Okutobala 1956, ndege ya Pan Am ya mtundu wa Boeing Stratocruiser inali pa ulendo wochokera ku Honolulu kupita ku San Francisco, ndipo mainjini ake awiri mwa anayi anafa usiku pakati pa Pacific. Woyendetsa, Richard Ogg, anazungulira pamwamba pa sitima ya asilikali olondera nyanja yotchedwa Pontchartrain mpaka kunja kutacha, n'kutera pamadzi. Anthu onse 31 anapulumuka chifukwa choti sitimayo inali pomwepo.

Kenako kunabwera majeti, amene mainjini ake ankafa mwa apo ndi apo poyerekeza ndi a mapisitoni. Koma lamulo silithamanga ngati luso. Mu 1964 anangomasulako majeti a mainjini atatu, ndipo n'chifukwa chake ndege ngati DC-10 ndi Lockheed TriStar zinabadwa ndi injini yachitatu kumchira. Vuto n'loti injini iliyonse yowonjezera imamwa mafuta, imalemera komanso imafuna amakaniko. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, makampani anayamba kusirira ndege zazikulu za mainjini awiri, monga Airbus A300 ndi Boeing 767 imene inayamba kunyamula anthu mu 1982. A Boeing atapempha kuti lamulo lifewe, mkulu wa bungwe loyang'anira za ndege ku America la FAA, J. Lynn Helms, anakanitsitsa kwamtuwagalu.

Ndiye pa 5 Meyi 1983 kunachitika chinthu chimene kwa ine ndiye pagona nkhani yonseyi. TriStar ya Eastern Air Lines inanyamuka ku Miami kupita ku Nassau ndi anthu 172. Injini imodzi inaonetsa kuti oyilo watha mphamvu, oyendetsa anaizimitsa n'kutembenuka kubwerera. Posakhalitsa ena awiri aja anathimanso. Ndege ya mainjini atatu inali kutsetserekera kumadzi popanda ngakhale imodzi yolira, okwera atavala kale majekete oyandamira. Mwamwayi ija anaizimitsa poyamba inalola kulizidwanso, n'kuwafikitsa ku Miami. Chinalakwika n'chiyani? Usiku wa dzulo lake amakaniko anasintha kachipangizo kofanana m'mainjini onse atatu, osaikapo timphete ta labala totseka oyilo. Tilabala basi, tosaposa mphete ya pachala.

Phunziro lake linali lowawa kwa onse okhulupirira kuwerenga mainjini. Atatu kapena anayi amakutetezani ngati akufa payekhapayekha. Koma cholakwa chikachokera pa dzanja limodzi, pa tanki imodzi kapena pa moto umodzi, onse amapita limodzi.

Mu 1985 FAA inalola mainjini awiri kutalikira bwalo mpaka mphindi 120, ndipo pa 1 Febuluwale chaka chomwecho Boeing 767 ya TWA inauluka kuchoka ku Boston kupita ku Paris pansi pa dongosolo latsopanoli. Dzina lake ndi ETOPS. Oyendetsa ndege amalipotoza mwanthabwala kuti Engines Turn Or Passengers Swim, kutanthauza kuti mainjini azizungulira, apo ayi okwera asambira.

Nthabwala pambali, chilolezochi sichibwera chaulere. Mtundu wa ndege ndi injini yake uyenera kuyesedwa, ndipo kampani yoyendetsa nayo iyenera kupeza chilolezo chakechake. Pa mphindi 120, mlingo unali woti injini isathime m'mwamba kuposa kamodzi pa maola 20,000 aliwonse. Oyilo amayezedwa ndi kulembedwa ulendo usanayambe. Kainjini kakang'ono ka kumchira kopereka magetsi kayenera kutha kulira ndege ili m'mwamba. Nyengo ya pa mabwalo othawirako, monga Gander ku Canada, Keflavík ku Iceland ndi Shannon ku Ireland, imaunikidwa ndege isananyamuke. Mafuta amawerengedwa poganizira tsiku loipitsitsa: injini imodzi yafa, mpweya wa m'ndege wathawa, ndipo mukuulukira m'munsi momwe mafuta amatha msanga. Komanso, pokumbukira zinthu ngati za ku Miami zija, amapewa kuti makaniko mmodzi agwire ntchito yofanana pa mainjini onse awiri nthawi imodzi.

Ziwerengero zitaonetsa kuti zikuyenda, malire anakula. Mu 1988 anafika mphindi 180. Mu 1995 Boeing 777 inalandira mphindi 180 kuyambira tsiku loyamba kunyamula anthu. Mu 2014 Airbus A350 inavomerezedwa mphindi 370, maola 6 ndi mphindi 10 pa injini imodzi. Tangoganizani.

Musaone ngati ndikunena kuti ngozi zinatheratu. Pa 24 Ogasiti 2001, Airbus A330 ya Air Transat yochokera ku Toronto kupita ku Lisbon inatayikira mafuta pamwamba pa Atlantic, chifukwa paipi ya mafuta inkakhulana ndi ina pambuyo poikidwa chipangizo chosagwirizana ndi injiniyo. Mainjini onse awiri anathima. Woyendetsa, Robert Piché, anaiyandamitsa m'mwamba mtunda wa makilomita pafupifupi 120 mpaka pa bwalo la Lajes ku zilumba za Azores, ndipo anthu onse 306 anapulumuka. Apanso gwero linali pansi, m'manja mwa okonza, ndipo chipulumutso chinali bwalo lapafupi.

Kuno kummwera kwa Africa kuli chilonda china. Pa 28 Novembala 1987, Boeing 747 ya South African Airways yotchedwa Helderberg, yochokera ku Taipei, inagwera m'nyanja ya Indian isanafike ku Mauritius moto utabuka m'chipinda cha katundu. Anthu 159 anafa. Ndegeyo inali ya mainjini anayi, koma moto suwerenga mainjini. Masiku ano malamulo a ETOPS amafuna kuti zozimitsira moto wa kumalo a katundu zigwire ntchito nthawi yonse yothawira ku bwalo, kuwonjezerapo mphindi 15. Ndipo mu 2007 FAA inaika pansi pa malamulowa ngakhale ndege zonyamula anthu za mainjini atatu ndi anayi zikamatalikira bwalo kupitirira mphindi 180.

Mapeto ake ndege za mainjini anayi zinayamba kutha. Airbus A380 yomaliza inaperekedwa mu 2021, ndipo 747 yomaliza mu Januwale 2023.

Zonsezi ndinayesa kuwafotokozera mayi usiku woti mawa mchemwali anyamuka: kuti ndegeyo imatha kuuluka maola ndi injini imodzi, kuti njira yake inajambulidwa kale poganizira kothawira, ndiponso kuti zambiri zimadalira munthu wovala ovolosi amene sitidzamuona n'komwe. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupukusa mutu. "Ndiye ine ndimangodandaula za oyendetsa," anatero. "Amakanikowo amagona mokwanira koma?"