Thangata ndi Chuku

Kwa Changata, m'boma la Thyolo, tiyi amabiriwira chaka chonse, koma minda ya eni dziko ndi timagawo chabe. Atsamunda adatenga nthaka yachonde, ndipo makolo athu adagwira thangata mpaka 1962. Munda ukachepa, munthu sataya chimanga chochita chuku, amakonola n'kudya.

M'chaka cha 1960, nkhukundembo zoposa 100,000 zidafa ku England zitadya mtedza wochokera ku Brazil. Akatswiri adapezamo poizoni wa chuku, aflatoxin, amene amayambitsa khansa ya chiwindi. Pambuyo pake maiko a ku Ulaya adayamba kupima mtedza wathu nasankha wabwino. Wotsalira udakhala nsinjiro zathu. Nanga nkhokwe ya wothyola tiyi adaipima ndani?