Convolutional neural network

Convolutional neural network, mwachidule CNN, ndi mtundu wa pulogalamu ya kompyuta yomwe imaphunzira kuzindikira zinthu pazithunzi. Pulogalamuyi siuzidwa kuti denga la malata kapena tsamba lodwala limaoneka motani. Imaonetsedwa zithunzi zikwizikwi zomwe anthu analemba kale zomwe zilipo, ndipo imadzipezera yokha zizindikiro. Asayansi amaigwiritsa ntchito pazithunzi za kuchipatala, za m'minda ndi zojambulidwa ndi masetilaiti.

Kagwiridwe kake

Kwa kompyuta, chithunzi ndi timadontho tambirimbiri, ndipo kadontho kalikonse ndi manambala osonyeza kuwala ndi mtundu wake. CNN imatenga kasefa kakang'ono, kawirikawiri ka timadontho 3 m'litali ndi 3 m'lifupi, n'kukayendetsa pachithunzi chonse kufunafuna chizindikiro chimodzi. Masefa a gawo loyamba amagwira zinthu zosavuta monga mizere ndi ngodya. Magawo otsatira amaphatikiza zimenezi mpaka kutuluka maonekedwe athunthu, monga msewu kapena banga la m'mapapo. Pulogalamu ikalakwitsa pophunzira, manambala a m'masefa amasinthidwa pang'ono, ndipo zimenezi zimabwerezedwa kambirimbiri.

Maziko a njirayi anaikidwa ndi Kunihiko Fukushima wa ku Japan mu 1980, ndipo mu 1989 Yann LeCun ndi anzake anaigwiritsa ntchito powerenga manambala olembedwa pamanja. Inatchuka mu 2012 pomwe pulogalamu ya AlexNet inapambana mpikisano wa ImageNet: inalakwitsa zithunzi 15 pa 100 zilizonse, pomwe yachiwiri inalakwitsa 26.

Kuyeza umphawi ndi masetilaiti

Mu 2016, Neal Jean ndi anzake a ku yunivesite ya Stanford anasindikiza m'magazini ya Science kafukufuku wokhudza Malawi, Tanzania, Uganda, Rwanda ndi Nigeria. Kale akatswiri ankayerekeza chuma cha dera poona magetsi owala usiku. Njirayi imavuta kumidzi, chifukwa mudzi wa anthu opezako bwino ndi mudzi wa osaukitsitsa yonse imaoneka yakuda bii. Gululi linaphunzitsa CNN kuona zithunzi za masana n'kulosera kuwala kwa usiku, ndipo potero inayamba kuzindikira yokha misewu, nyumba, minda ndi madzi. Zizindikirozo anazifananitsa ndi zotsatira za kafukufuku wa m'makomo. Pomwe njirayi inachita bwino kwambiri, inafotokoza mpaka magawo 75 pa 100 a kusiyana kwa chuma pakati pa madera.

Phindu lake ndi lalikulu m'maboma akutali monga Chitipa, kumene kutumiza anthu khomo ndi khomo kumadya ndalama ndi nthawi. Koma setilaiti imaona madenga okha. Dera ngati Kaseye, kumene kuli mishoni ya Katolika, chipatala ndi sukulu ya sekondale ya atsikana, lili ndi nyumba zikuluzikulu zamalata pamalo amodzi, ndipo zimenezi zikhoza kuchititsa pulogalamu kuliwerengera pamwamba kuposa momwe mabanja ozungulira alili. Chimanga chomwe chatsala m'nkhokwe sichioneka kuchokera kumwamba, ndipo nthawi ya dzinja mitambo imabisa zambiri.

Chifuwa chachikulu

Mu 2021 bungwe la World Health Organization linavomereza kuti mapulogalamu owerenga X-ray ya pachifuwa azigwiritsidwa ntchito pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Imodzi mwa mapulogalamuwa ndi CAD4TB ya ku Netherlands, yomwe mitundu yake yatsopano imadalira CNN. Mtundu wake wakale unayesedwa pa odwala chifuwa ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2021 zinaonetsa kuti opezeka ndi TB ankayamba mankhwala msanga. Pulogalamuyi imangopereka nambala yosonyeza kukayikitsa kwa mapapo. Wodwala amayezedwabe makhololo asanayambe mankhwala.

Ulimi

Pulogalamu ya pafoni ya Nuru, ya gulu la PlantVillage ku yunivesite ya Penn State, imazindikira matenda a chinangwa mlimi akaloza kamera patsamba, ndipo imagwira ngakhale popanda intaneti. Zithunzi zomwe inaphunzirira poyamba zinajambulidwa ku Tanzania. Inaphunzitsidwanso kuona masamba a chimanga odyedwa ndi ntchemberezandonda, mbozi zomwe zinachititsa boma la Malawi kulengeza kuti m'maboma 20 mwagwa ngozi mu Disembala 2017.

Zofooka

CNN imadziwa zokhazo zomwe inaonetsedwa. Ikaphunzira pazithunzi za dera lina, za mbewu ya mtundu wina kapena za makina ena a X-ray, imatha kulakwitsa ikafika kwina, ndipo nthawi zina imapereka yankho lolakwikalo motsimikiza ngati lolondola. N'zovutanso kudziwa chomwe yaona kuti ifike payankho lake. N'chifukwa chake pulogalamu yochokera kunja imafunika kuyesedwa kaye pazithunzi za dera lomwe ikagwire ntchito, ntchito yomwe imafuna alangizi a zaulimi ndi madokotala oti alembe molondola zomwe zili pazithunzizo.