Fungo la Madzi a pa Mpopi Wathu

Anzanga amene tinagona limodzi ku hositelo, kodi mukukumbukira fungo la madzi a pa mpopi uja wa kuseri kwa khitchini? Ena ankanong'ona kuti akuluakulu amathiramo dala mankhwala oti anyamatafe tisamaganize za atsikana. Anali klorini basi. Nditakula ndinafufuza mbiri yake, ndipo ndinapezamo mbali imene sitinaimve m'kalasi.

Mu 1908 mzinda wa Jersey City ku Amereka unayamba kuthira klorini m'madzi ake tsiku ndi tsiku, motsogozedwa ndi dokotala John Leal. Mizinda ina inatengera, ndipo matenda a tayifodi anachepa kwambiri. Zaka zoposa 60 zinadutsa anthu akungoyamika.

Amene anavundukula nkhani ina ndi Johannes Rook, katswiri woyeza madzi ku Rotterdam, m'dziko la Holland. Mu 1974 iye anasonyeza kuti klorini akakumana ndi zowola za masamba ndi udzu, zija zimadetsa madzi a mumtsinje ngati tiyi, pamabadwa mankhwala ena otchedwa trihalomethanes. Wamkulu wa iwo ndi chloroform, yemwe uja madokotala akale ankagonekera odwala pochita opaleshoni! Mu 1976 kafukufuku wa ku Amereka anaonetsa kuti makoswe ndi mbewa zomwetsedwa chloroform wambiri zinkagwidwa ndi khansa. Mu 1979 boma la dzikolo linaika malire a mamayikulogalamu 100 pa lita imodzi, ndipo lamulo la 1998 linawatsitsa kufika 80.

Chimene chinandigometsa n'chakuti klorini sanamusiye. Anasintha kachitidwe: kuyamba achotsa zowola zija, kenako n'kuthira mankhwala, poti zikachepa klorini amasowa chophatikana nacho. Ndikuona kuti anaganiza bwino. Chiopsezo cha khansa n'chaching'ono ndipo chimadza munthu atamwa madziwo zaka zambiri, pamene kolera amatha kupha tsiku lomwelo. Ife kuno tinaziona mu 2022 ndi 2023, pamene kolera anatenga miyoyo yoposa 1,700.

Kumudzi kwathu, madzi akada nthawi ya dzinja, ndimauza adzukulu anga kuti awasiye kaye mumtsuko mpaka matope akhale pansi, awasefe ndi nsalu yoyera, ndipo pamenepo athire klorini pa muyeso wolembedwa pa botolo. Amadandaula ndi fungo monga tinkachitira ife.