Ochemerera Mpira ndi Mpando wa Mphunzitsi ku Manchester United

Mwa masewero onse amene anthu amakonda pa dziko lapansi, mpira wamiyendo ndiwo uli ndi oweruza ambiri. Woyimbira mpira amakhala mmodzi, koma aliyense amene walipira pakhomo, ngakhalenso amene akungomvera pa wailesi ali kutali, amadziona kuti ali ndi ufulu wogamula mlandu. Kawirikawiri wozengedwa mlanduyo amakhala mphunzitsi wa timu. Osewera ndi ambiri, sangachotsedwe onse tsiku limodzi. Eni timu nawo sangadzichotse okha. Wotsala ndi mphunzitsi, pajatu mutu ukakula sulewa nkhonya. Mbiri ya timu ya Manchester United ya ku England, imene ili ndi otsatira ambiri ngakhale m'Malawi muno, ikuonetsa mphamvu ya mawu a ochemerera pa mpando umenewu, komanso polekezera pa nzeru zawo.

Gwero la nkhaniyi ndi Matt Busby, amene anayamba kuphunzitsa timuyi m'chaka cha 1945. Iye anasula timu ya anyamata aang'ono imene inatenga ligi mu 1956 ndi 1957, koma pa 6 Febuluwale 1958 ndege imene anakwera inachita ngozi ku Munich, ndipo anthu 23 anataya miyoyo, kuphatikizapo osewera asanu ndi atatu. Busby mwini anavulala kwambiri. Atachira anayambanso kumanga timu, ndipo patatha zaka khumi, mu 1968, anagonjetsa Benfica ndi zigoli 4 kwa 1 n'kutenga chikho chachikulu cha matimu a ku Ulaya. Pamene ankatula pansi udindo mu 1969, anasiyira ochemerera muyeso woyezera aliyense wodza pambuyo pake: timu izipambana, izisewera mpira wothamangira kutsogolo, ndipo izikhulupirira ana oleredwa pakhomo pomwepo.

Muyeso umenewu unawalemera amene anatsatira. Wilf McGuinness anapatsidwa udindo ali ndi zaka 31 zokha, Busby akadali ndi ofesi pabwalo la Old Trafford, ndipo anachotsedwa mu Disembala 1970. Frank O'Farrell naye sanathe zaka ziwiri. Koma amene akuonetsa bwino mtima wa ochemerera a nthawi imeneyo ndi aphunzitsi awiri otsatirawo, Tommy Docherty ndi Dave Sexton. Docherty ndiye anali pa mpando pamene timu inatsika kupita mu ligi yachiwiri mu 1974, chinthu chamanyazi kwa timu imene inali pamwamba pa Ulaya zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Munthu akanayembekeza kuti anthu amukankhira kunja. Sizinatero. Chaka chotsatira anthu pafupifupi 48,000 ankafika pa masewero aliwonse a pakhomo, kuposa a timu ina iliyonse mu England, ndi za mu ligi yaikulu zomwe, chifukwa anyamata a Docherty ankasewera mpira wopatsa chimwemwe. Timu inabwerera mu ligi yaikulu mu 1975 n'kutenga chikho cha FA Cup mu 1977, ndipo chimene chinam'chotsetsa ntchito chaka chomwecho inali nkhani ya kunja kwa bwalo.

Sexton anali munthu wofatsa, wosakonda kulankhula ndi atolankhani, ndipo mpira wake unali wosamala. Mu 1980 timu yake inamaliza pa nambala 2 mu ligi. Mu 1981 inapambana masewero asanu ndi awiri omaliza motsatizana, koma iye anachotsedwabe ntchito, ndipo chifukwa chachikulu chinali chakuti anthu anali atagwa mphwayi ndi kaseweredwe kake. Apa mpoonekeratu kuti ochemerera sawerenga zigoli zokha. Amene anawatsitsa mu ligi anamukhululukira, amene ankawapambanitsa mosasangalatsa anamutaya.

Ron Atkinson anatenga FA Cup kawiri, mu 1983 ndi 1985, koma ligi inamukana. Atachotsedwa, pa 6 Novembala 1986 mpando unaperekedwa kwa Alex Ferguson wochokera ku timu ya Aberdeen ku Scotland. Kumeneko anali atatenga ligi katatu, ndiponso mu 1983 anali atagonjetsa Real Madrid mu ndime yomaliza ya chikho china cha ku Ulaya. Masewero ake oyamba anagonja kwa Oxford United ndi zigoli 2 kwa 0. Chimene anapeza ku Old Trafford chinali timu imene inali isanatenge ligi kuyambira 1967, osewera ena otchuka okonda chakumwa, ndi dongosolo lofufuzira ana aluso limene linali litafooka, kotero kuti anyamata ambiri abwino a m'mzindamo ankatengedwa ndi Manchester City. Ferguson anayambira ntchito kumunsi komweko. Anachulukitsa anthu oyendayenda m'masukulu kukaona ana, ndipo iye mwini ankapita kumakomo kukalankhula ndi makolo. Umu ndi mmene Ryan Giggs anasainira mu 1987 ali ndi zaka 14.

Tsoka lake, ntchito yotere saionera pa tebulo la ligi. Chimene ochemerera ankaona n'chakuti timu inamaliza pa nambala 11 mu 1987, n'kukwera pa nambala 2 mu 1988, kenaka n'kubwereranso pa nambala 11 mu 1989. Ankaonanso kuti mphunzitsiyo wagulitsa osewera amene iwo ankawakonda, Norman Whiteside ndi Paul McGrath, n'kumwaza ndalama zambiri pogula ena. Gary Pallister yekha anadya mapaundi 2.3 miliyoni. Zaka zimenezi ndi pamenenso ochemerera anayamba kusindikiza timagazini tawotawo, monga Red News, Red Issue ndi United We Stand, timene tinkagulitsidwa kunja kwa bwalo tsiku la masewero. Madandaulo amene kale ankathera m'mabasi ndi m'malo omwera tsopano anayamba kulembedwa ndi kuwerengedwa ndi anthu zikwizikwi.

Pa 23 Sepitembala 1989 United inakwapulidwa ndi Manchester City zigoli 5 kwa 1. Kugonja kwa mnansi wa mzinda umodzi kumawawa koposa, pakuti m'mawa mwake mumakumana naye ku ntchito. Kuyambira chakumapeto kwa Novembala timu inasewera masewero 11 a mu ligi osapambana. Pa 9 Disembala, tsiku limene inagonja kwa Crystal Palace pabwalo lake lomwe ndi zigoli 2 kwa 1, wochemerera wina anatambasula nsalu imene analembapo kuti zaka zitatu zatha Ferguson akungopereka zifukwa, mpira udakali woipa, choncho atsanzike. Anthu ambiri anawombera m'manja. Manyuzipepala nawo anayamba kutchula maina a amene angalowe m'malo mwake.

N'kosavuta lero kuwaseka anthu amenewa, koma kutero n'kusawachitira chilungamo. Iwo anali atadikira ligi zaka 22, akuona Liverpool ikukolola zikho chaka ndi chaka. Ankalipira ndalama zawo sabata iliyonse, ndipo chimene ankalandira chinali mpira wozizira. Pa umboni umene anali nawo, chigamulo chawo chinali chomveka. Chimene analibe ndi mwayi woona zochitika kubwalo lokonzekera masewero ndi ku timu ya ana, kumene wapampando Martin Edwards ndi Bobby Charlton, amene anali mmodzi wa akuluakulu oyendetsa timu, ankafikako. Awiriwa ankadziwa zimene zinali kuphikidwa, ndipo ndi iwo amene anatchinjiriza mphunzitsiyo.

Pa 7 Januwale 1990 timu inapita kukakumana ndi Nottingham Forest ya Brian Clough mu FA Cup, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti ikagonja, Ferguson wapita. Mark Hughes anaponya mpira kutsogolo kwa golo, ndipo mnyamata woleredwa pa timupo, Mark Robins, anaugunda ndi mutu kulowetsa mu ukonde. Masewero anathera pa chigoli chimodzicho. Edwards wakhala akunena kuti ntchito ya mphunzitsiyo sinali pa chiswe tsiku limenelo, ndipo mwina n'zoona. Komabe n'kovuta kuona mmene akanapiririra mkwiyo wa anthu mpaka Meyi popanda chikho chowatonthoza, popeza mu ligi timu inamaliza pa nambala 13. Mu ndime yomaliza ku Wembley inafanana mphamvu ndi Crystal Palace, zigoli 3 kwa 3. Pa masewero achibwereza Ferguson anachita chinthu cholimba mtima: anakhazika pansi goloboyi Jim Leighton, amene anali naye kuyambira ku Aberdeen, n'kuika Les Sealey. Lee Martin anagoletsa, ndipo pa 17 Meyi 1990 chikho choyamba chinalowa m'nyumba.

Zotsatira zake n'zodziwika. Mu 1991 anagonjetsa Barcelona ku Rotterdam, ndipo mu 1993, atalimbitsa timu ndi Eric Cantona, anatenga ligi patatha zaka 26. Ngakhale zinali choncho, kung'ung'udza sikunathe. Mu 1995 atagulitsa Paul Ince, Mark Hughes ndi Andrei Kanchelskis osagula wina wotchuka, ambiri anati wasokonezeka mutu, makamaka timu itagonja kwa Aston Villa zigoli 3 kwa 1 tsiku lotsegulira ligi. M'malo mwa ogulitsidwawo munalowa ana aja: David Beckham, Paul Scholes, Nicky Butt ndi abale awiri a kwa Neville. Pofika Meyi 1996 anali atatenga ligi ndi FA Cup. Pamene Ferguson ankapuma mu 2013 anali atatenga ligi ka 13 ndi chikho chachikulu cha ku Ulaya kawiri, mu 1999 ndi 2008.

Nkhani ya nsalu ija tsono inasanduka mwambi. Kulikonse kumene mphunzitsi ankagwedezeka, panali wina wokumbutsa anzake kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, taonani za Ferguson. Iye mwini, potsanzika pabwalo la Old Trafford pa 12 Meyi 2013, anakumbutsa anthu kuti timu inaima naye pa nthawi ya mavuto, nawapempha kuti aime ndi wolowa m'malo mwake. Wolowayo anali David Moyes, amene anaphunzitsa Everton zaka 11, ndipo anasankhidwa ndi Ferguson yemweyo. Anapatsidwa mgwirizano wa zaka zisanu ndi chimodzi. Ochemerera anapachika nsalu yaikulu yomutchula kuti wosankhidwa, ngati kulipira mlandu wa 1989.

Ndipo anayesadi kupirira. Mu Malichi 2014 timu inagonja pakhomo kwa Liverpool ndi kwa Manchester City, zigoli 3 kwa 0 konsekonse. Kagulu kena kanasonkha ndalama n'kulipira ndege kuti iuluke pamwamba pa bwalo pa 29 Malichi ikukoka uthenga woti Moyes achoke, koma ambiri m'bwalomo anaikuwiza ndegeyo n'kuwombera m'manja mphunzitsi wawo. Kumbali ya eni timu kupirira kunali kutatha kale. Pa 22 Epulo, patangotha masiku awiri chigonjereni kwa Everton, pamene zinatsimikizika kuti timu sikhala nawo mu mpikisano wa Champions League, Moyes anachotsedwa atagwira ntchito miyezi khumi yokha. Timu imene inali itatenga ligi chaka chapitacho inamaliza pa nambala 7.

Zinthu zinali zitatembenuka. Mu 1989 anthu ankafuna kuthamangitsa, akuluakulu n'kugwira; mu 2014 ambiri a m'bwalo ankagwira, eni timu n'kuthamangitsa. Chifukwa chimodzi ndi ndalama. Mu 2005 banja la a Glazer la ku America linagula timuyi ndi ndalama zambiri zangongole, ndipo ngongoleyo inasenzetsedwa timu yomweyo. Pa timu yotere, kuphonya ndalama za Champions League chaka chimodzi ndi bala lalikulu. Ochemerera anatsutsa kugulako mwamphamvu: ena anachoka n'kukayambitsa timu yawo, FC United of Manchester, ena mu 2010 anayamba kuvala zobiriwira ndi zachikasu, mitundu yakale ya timuyi, ndipo pa 2 Meyi 2021 ena analowa m'bwalo mpaka masewero ndi Liverpool analephereka. Mawu amene anathandiza kuchotsa Sexton sanathe kusuntha eni timu. Chifukwa china n'chakuti mwambi uja unkabisa mfundo yofunika. Ferguson anapatsidwa nthawi chifukwa panali ntchito yooneka imene ankaigwira kuseri, ndiponso anabwera ndi zikho m'manja. Nthawi payokha siisandutsa munthu aliyense kukhala Ferguson, ndipo amene ankakayika Moyes anali ndi zifukwa zawo zomveka.

Chikho chomwe chija cha FA Cup chinadzakhalanso mboni kawiri. Pa 21 Meyi 2016 Louis van Gaal anachitenga pogonjetsa Crystal Palace yomweyo, zigoli 2 kwa 1. Koma monga Sexton, iye anali atatopetsa anthu ndi mpira wongopatsirana, ndipo mphekesera zoti wachotsedwa zinafalikira madzulo omwewo osewera asanachoke ku Wembley. Patatha masiku awiri zinalengezedwa, ndipo olira anali ochepa. Mu Meyi 2024 Erik ten Hag, amene timu yake inamaliza pa nambala 8 mu ligi, anagonjetsa Manchester City mu ndime yomaliza ya chikhochi. Ulendo uno ochemerera ambiri anapempha kuti asiyidwe, akukumbutsana za 1990, ndipo akuluakulu anawamvera mpaka kumuwonjezera mgwirizano. Pa 28 Okutobala chaka chomwecho, timu ili pa nambala 14, anamuchotsa.