Thumba la Akunda ndi Nyama za m'Malambo

Dziko la Mfumu Kakumbi liri m'cigwa ca Luangwa, cimene Akunda amati Malambo, pafupi ndi mlatho wa Mfuwe. Kutsidya kwa mtsinje kuli nkhalango ya nyama zimene alendo ocokera kutali amadza kudzaona. Koma njobvu sizidziwa malire; usiku zimaoloka madzi ndi kudya mapira ndi cimanga ca anthu. Cotero funso lakale la m'dzikomo ndi ili: popeza obvutika ndi nyama ndiwo eni midzi, nanga ndalama zocokera ku nyamazo azisunga ndani?

M'masiku a Kampani ya British South Africa, imene inalamulira kufikira caka ca 1924, mafumu analibe mphamvu yeniyeni, ndipo msonkho unali kupita ku Boma la Fort Jameson, ndiye Chipata lero. M'caka ca 1929 Boma la Northern Rhodesia linaika malamulo opatsa mafumu mphamvu ya kuweruza milandu ndi kuyang'anira anthu ao m'mabwalo ochedwa Native Authority. Komabe ufumu wopanda thumba unali ngati nkhokwe yopanda dzinthu. M'caka ca 1936 lamulo lina linalola kuti mabwalowo akhale ndi thumba laolao, lolandira gawo la msonkho, ndalama za milandu ndi za malaisensi. Akunda anali ndi bwalo limodzi: mkulu wace anali Nsefu, pamodzi ndi Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro.

Phindu la thumbali linaoneka bwino pofika caka ca 1950. Norman Carr, amene anali pa nchito ya Boma yoyang'anira nyama, anakambirana ndi Mfumu Nsefu kuti apatule gawo la dziko lace lokhalamo nyama zosasakidwa. Mfumu inabvomera, ndipo anamanga msasa wa alendo. Ndalama zimene alendowo analipira zinalowa m'thumba la Akunda. Nyama imene kale inali ndiwo ya tsiku limodzi tsopano inayamba kubala ndalama caka ndi caka. Komatu ufuluwo unali ndi cingwe, pakuti Bwana D.C. ndiye anali kubvomereza kagwiritsidwe ka ndalamazo, ndipo munthu wamba analibe mau ambiri.

Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, lamulo la 1965 linathetsa mabwalo a mafumu aja ndi kuika makhonsolo m'malo mwace. Mu 1972 malo a Nsefu anaphatikizidwa m'nkhalango yaikuru ya South Luangwa, ndipo ndalama zinalunjika ku Lusaka. M'zaka zotsatira opha nyama mwakuba anatha njobvu zambirimbiri, ndipo cipembere cinazimiririka m'cigwamo. Zifukwa zace zinali zambiri, makamaka mtengo wa minyanga. Koma n'zoonanso kuti munthu sacezera kulonda munda umene sadzadyako.

Mu 1986 Boma, mothandizidwa ndi dziko la Norway, linayamba nchito ya citukuko ya LIRDP m'dera la Lupande, m'mene muli Kakumbi. Kuyambira 1996, magawo 80 pa 100 a ndalama za alenje zoperekedwa kwa anthu anali kufika ku magulu a m'midzi. Amuna ndi akazi anali kusonkhana poyera, namva kucuruka kwa ndalamazo, nasankha okha zogawana pa makomo ndi zomangira zitsime kapena nyumba za aphunzitsi. Macitidwe amenewa sanakhalitse monga anayambira. Lamulo la nyama la 1998 linakhazikitsa mabungwe osankhidwa oyang'anira zacilengedwe m'dera la mfumu iri yonse, ndipo nkhani ya kucedwa kwa gawo la anthu yakhala ikumveka kawirikawiri.

Kulimbana kotere kulinso m'maiko akutali. Anthu a ku Scotland anataya nyumba yao ya malamulo mu 1707 pogwirizana ndi England. Mu 1997 anabvomera mwa voti kuti ibwerere, ndipo inatsegulidwa ku Edinburgh mu 1999, yokhala ndi mphamvu pa masukulu ndi zipatala. Mwa mphamvuzo, mu 2011 anathetsa malipiro a mankhwala olembedwa ndi dokotala, pamene a ku England anapitiriza kulipira. Anatero cifukwa anapatsidwa mphamvu pamodzi ndi ndalama zoigwiritsira nchito.

Mbiri ya ku Malambo iphunzitsa zomwezo. Ulamuliro woyandikira anthu upindula ngati wabwera ndi thumba, ngati thumbalo litsegulidwa pamaso pa onse, ndiponso ngati lamulo lilicinjiriza kuti wopatsa asalilandenso tsiku limene afuna. Acinyamata otsiriza sukulu ku Kakumbi, amene adziwa kuwerenga mabuku a ndalama, ali ndi udindo wofika pa misonkhano ya bungwe lao ndi kufunsa mwaulemu kuti zalowa zingati, ndipo zapita kuti.