Oyilo akamadontha pa injini ya lole: kupeza pamene akutulukira ndi kukonza kwake

Kudontha kwa oyilo pang'onopang'ono ndi vuto limene eni malole ambiri amalinyozera, chifukwa galimoto imayendabe bwinobwino. M'mawa pansi pamaoneka madontho atatu kapena anayi basi. Koma lole yonyamula mbatatesi kuchokera ku Tsangano kapena ku Domue kupita mumzinda wa Tete imayenda maola ambiri injini ili yotentha, ndipo oyilo akatentha amakhala wamadzimadzi. Amene amatayika panjira ndi wambiri kuposa amene mumamuona pakhomo. Akachepa kwambiri zitsulo za m'kati zimayamba kukhulana, injini n'kunoka, katundu n'kuwolera pamsewu.

Yambani mwatsimikiza kuti chikudonthacho ndi oyilo wa injini. Yalani katoni yoyera kunsi kwa lole usiku wonse pamalo osatsetsereka. Oyilo wa injini ya dizilo amakhala wakuda bii, ngakhale mwangomusintha kumene, chifukwa cha mwaye. Wa m'giyabokosi ndi wolemera ndipo ali ndi fungo loipa lamphamvu. Wa chiwongolero nthawi zambiri ndi wofiira. Dizilo ndi wopepuka, fungo lake aliyense amalidziwa. Malo amene dontho lagwera pakatoni akuuzani ngati vuto lili kutsogolo, pakati kapena kumbuyo kwa injini, koma sakuuzani zoposa pamenepo.

Chifukwa chake n'chakuti oyilo sadontha pamene watulukira. Amatsetsereka kupita pansi, mphepo ya fani ndi ya pamsewu n'kumukankhira kumbuyo, ndipo fumbi la misewu yathu limamusandutsa phala lakuda lomata injini yonse. Anthu ambiri agula gasiketi ya sampu, chija chosungira oyilo kunsi kwa injini, pamene oyilo amachokera pamwamba penipeni. Sampu imanamiziridwa kawirikawiri chifukwa zonse zimathera pamenepo.

N'chifukwa chake ntchito yaikulu ndi kutsuka. Injini itazizira, kokotani matope ndi kamtengo, tsukani ndi parafini kapena sopo waufa ndi burashi, kenako madzi. Phimbani alitaneta ndi polowera mpweya ndi pepala lapulasitiki. Petulo musagwiritse ntchito, sachedwa kuyaka. Ngati lole yanu ndi yopendeketsa mutu, monga Canter, Dyna kapena Isuzu, onetsetsani kuti chitsulo chochirikiza mutu chakhoma musanalowetse manja. Matayala atsekeni ndi miyala kapena zipika, ndipo musalowe kunsi kwa galimoto yokwezedwa ndi jeke yokha.

Injini ikauma, wazani ufa woyera kapena pawudala wa ana pamalo amene mukuwakayikira. Lizani injini kwa mphindi 10 kapena 15, zimitsani, kenako yang'anani ndi tochi. Oyilo amalemba mzere wakuda pa ufawo. Tsatirani mzerewo chokwera mpaka pamene wayambira; malo okwera kwambiri amene anyowa ndiwo gwero. Ngati sipakuoneka kanthu, yendani makilomita ochepa ndi katundu n'kuyang'ananso, pakuti malo ena amatulutsa oyilo pokhapokha injini ikamakoka. Magalaja ena m'tauni amathira mankhwala owala mu oyilo n'kuunika ndi nyali yapadera, koma ufa umagwira ntchito yomweyo pamalo ambiri.

Pamwamba, wolakwa nthawi zambiri ndi gasiketi ya chivundikiro cha mavavu. Labala wake amauma ndi kutentha n'kung'ambika. Kusintha kwake n'kosavuta: palani zotsalira zonse, pukutani, ikani yatsopano, n'kumanga mabawuti pang'onopang'ono kuyambira pakati kupita kumapeto. Kumanga ndi mphamvu zonse kumapinda chivundikiro, kudontha n'kuwonjezeka.

M'mbali mwa injini muli malo angapo otsika mtengo kukonza. Fyuluta ya oyilo imadontha ikamasuka, kapena labala wa fyuluta yakale akatsalira pamalo ake, yatsopano n'kumangidwa pamwamba pake. Pakani oyilo pa labala watsopano ndipo mangani ndi manja, osati ndi sipanala. Kaswitchi koyatsa nyali ya oyilo pa dashibodi nakonso kamatha kung'aluka, ndipo oyilo amatulukira pamene palowa waya. Pa malole ambiri a ku Japan, kumbuyo kwa alitaneta kuli pampu yothandiza mabuleki imene ili ndi timapaipi take ta oyilo. Anthu amaiwala kuyang'ana pamenepo. Ngati injini ili ndi tabo, onani paipi yopititsa oyilo ndi yobweza. Bawuti yokhuthulira oyilo kunsi kwa sampu ili ndi washa wofewa, wa kopa kapena aluminiyamu, amene amayenera kusinthidwa nthawi iliyonse posintha oyilo. Washayo mtengo wake ndi mametikali ochepa, koma ambiri amamanga ndi wakale mpaka mazinga a bawuti kutha.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza ngakhale amakanika. Injini iliyonse ili ndi paipi yopumira, yotulutsa mpweya umene umadutsa m'mbali mwa mapisitoni n'kulowa kunsi. Paipiyi ikatsekeka ndi fumbi kapena matope, mpweyawo umakankha oyilo kuti atulukire pa gasiketi iliyonse yofooka. Mukatseka apa, amatulukira apo. Choncho ngati malo awiri kapena atatu ayamba kunyowa nthawi imodzi, chotsani paipiyi muitsuke musanagule chilichonse. Masulaninso chitsekero chothirira oyilo injini ikulira: ngati pakutuluka utsi wambiri mwamphamvu ngati sitima, ndiye kuti malingi a mapisitoni atha, ndipo gasiketi zatsopano sizikhalitsa. Kuthira oyilo kupitirira mzere wapamwamba wa kachitsulo kopimira kumabweretsanso vuto lomweli.

Malo ovuta ndi awiri, kumapeto konse kwa kirankishafuti. Silu yakutsogolo ikatha, oyilo amamwazika mozungulira pa pule ndi pa malamba, ndipo lamba wonyowa ndi oyilo amaterera n'kuduka msanga. Yakumbuyo ikatha, oyilo amadontha pamene injini yakumana ndi giyabokosi. Kuti isinthidwe pamafunika kutsitsa giyabokosi, ntchito ya makanika wodziwa. Musanavomere, tsimikizani kuti kumbuyo kwa injini, pamwamba pa malowo, n'kouma, ndipo nunkhizani oyiloyo, mwina ndi wa giyabokosi. Ngati ndi siluyo ndithu, musachedwe kwambiri: oyilo akafika pa kilatchi, lole imalira koma osakoka pachitunda. Giyabokosi ikatsika, ndi nthawi yabwino yoonera kilatchiyo kuti musalipire ntchito imodzi kawiri.

Za silikoni, anthu amamukonda mopitirira. Wopakidwa kunja pamwamba pa oyilo samata. Wopakidwa wambiri m'kati amaduka tizidutswa timene timakatseka sefa yokokera oyilo mu sampu, ndipo injini imafa oyilo ali wodzaza.

Kunyowa chabe kopanda dontho kungathe kudikira mpaka nyengo yokolola ithe, bola muzipima oyilo m'mawa uliwonse pamalo osatsetsereka injini isanalire, ndi kuyenda ndi malita angapo a mtundu womwe uli m'injinimo, monga 15W-40. Koma pali zizindikiro zosadikira. Nyali ya oyilo ikayaka mukuyenda, imani n'kuzimitsa pomwepo. Oyilo akamaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi alowamo. Akamakwera yekha pa kachitsulo kopimira, ndiye kuti dizilo akulowa mu sampu. Oyilo wodonthera pa ekizozi yotentha angathe kuyatsa moto. Ndipo ngati oyilo akutha koma kunja n'kouma, yang'anani utsi: ukakhala wobiriwira ngati mtambo, injini ikuwotcha oyilo m'kati.

Mukatha kukonza, tsukaninso, wazaninso ufa, ndipo mukayang'ane pambuyo pa ulendo woyamba wa katundu. Oyilo wakale ndi madzi otsukira musatayire kufupi ndi chitsime, dimba kapena mtsinje umene anthu amathiririra mbewu. Sungani m'chigubu chotseka, kutali ndi matumba a chakudya.